Kansalu pa Tcheni

Bambo a kunyumba atakwezedwa kukhala kalaliki woyeza masamba a tiyi, esiteti inatipatsa nyumba yokhala ndi chimbudzi cha madzi. Ine wokulira ku Changata ndinali ndisanakhalepo m'nyumba yotere. Thanki yake inali yachitsulo, yokhomedwa m'mwamba pafupi ndi denga, ndipo kuti madzi atsike unkakoka tcheni.

Achemwali anga aakulu anabwera kudzadwalira kwathu chifukwa cha chimbudzicho. M'mimba munali mutawavuta kwa miyezi, ndipo kumudzi sankathanso kuyenda mpaka kuchimbudzi cha kuseri kwa nthochi. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, wosayamba sukulu. Mphamvu zitatha, dzanja lawo silinkafikanso pa tcheni. Anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo chobiriwira, ine n'kumangirira kansaluko kuti azikoka ali chikhalire.

"Wandiikira belu," anatero akuseka. "Likalira uzidziwa kuti abwana akadalipo."

Anamwalira nyengo ya chiperoni. Tinakawaika ku Changata, tinameta, zovala zawo zinagawidwa. Kansalu kaja palibe anakakumbukira. Mwana anatsala ndi ine.

Thankiyo inali yodontha. Madzi ankatsika pang'onopang'ono, kenako payokha inkausa moyo n'kuyamba kudzaza, ngati wina wangokoka kumene. Achemwali ali moyo sitinkazilabadira. Koma tsopano masana, anthu onse ali m'minda ya tiyi, m'malaini a nyumba za antchito muli zii, ine ndikusita khanda langa lili kumsana, phokoso lija linkangoyamba. Mwana wa achemwali ankasiya masewera n'kukakhala pansi pakhomo la chimbudzi.

"Amayi ali m'kati."

"Tiye ukadye phala."

"Ndiwadikire atuluke."

Ndinkatsegula chitseko kuti adzionere yekha. Kansalu kankagwedezeka ndi kamphepo ka pazenera. Iye ankangoti, "Angotuluka kumene," n'kukhalanso pansi. Phala linkazizira. Mikono yake inayamba kuonda, ndipo ndinkaopa kuti ndimutaya nayenso, ali pa chitseko pompo.

Kenako esiteti inaika mamita a madzi m'nyumba za makalaliki, bilu izidulidwa ku malipiro. Bambo atabwera ndi malipiro mwezi utatha, nkhope inali itagwa.

"Thanki iyi ikumwa kuposa tonse m'nyumba muno. Ndapeza ina yaing'ono, yosawononga madzi."

"Bambo, nanga mwanayu? Akaona zii atani?"

"Amayi, tikulipirira madzi munthu amene kulibe."

Kunena zoona, nanenso masana khutu linkakhala komweko.

Pulambala amene anabwera anali bambo wachikulire, wolankhula Chilomwe kwambiri kuposa Chinyanja. Atakwera pampando anaona kansalu.

"Aka n'ka ndani, amayi? Nditaye?"

Ndisanatsegule pakamwa, mwana anali atatambasula kale dzanja. Bamboyo anamasula mfundo mofatsa n'kumupatsa. Thanki anaitsitsa n'kukaigoneka pa kapinga. Mwana anagwada, nasuzumira m'kati nthawi yaitali. Munali dzimbiri, matope, ndi chimpira chachitsulo chobooka.

"Mulibe," anatero.

"Ukufuna chiyani, mayi wamng'ono?" pulambala anafunsa. "Chule?"

Sanaseke.

Thanki yatsopano inali yoyera, yokhala m'munsi, chogwirira chake cholekeza paphewa la mwanayo. Pulambala anamuuza kuti ayese iyeyo. Anatsindika. Madzi anatsika pang'ono, thanki inadzaza msanga, basi. Bamboyo ananyamula yakale pa wilibala n'kumapita.

Mwana anakhala pakhomo paja, kansalu kali m'manja. Ine ndinakhala naye, ntchito nditaisiya. Dzuwa linapendeka, fakitale inaliza wezulo, anthu otchola anadutsa ndi madengu kumsana. M'chimbudzi munalibe phokoso.

"Amayi aang'ono, amayi anapita kuti?"

Chimwalirireni achemwali, mwanayo anali asanandifunsepo. Ndinamuuza zoona: kuti anamwalira, kuti tinawagoneka ku Changata pafupi ndi agogo ake, kuti sadzabweranso. Analira mpaka khanda langa linadzuka n'kuyamba kulira nalo. Atatopa, ndinatenthetsa phala lija. Anadya ndi dzanja limodzi, lina litafumbata kansalu, mbale yonse kutha.

Bilu inatsikadi. Mikono ya mwana inabwerera. Koma ine, mpaka tinasamuka m'nyumba ija, ndikamasita masana ndinkangopeza kuti simbi ndaiimika, ndikumvetsera.