Zikhadabo za Anthu, Mapapo a Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga anabadwa ndi zinthu ziwiri zimene ine ndinalibe: mawu ndi manja. Ku Kabwata, mu Lusaka, kumene tinakulira, akayamba kuimba uku akuchapa kuseri kwa nyumba, amayi oyandikana nafe ankatsitsa wailesi. Analowa kwaya ya kutchalitchi kwathu asanamalize n'komwe pulayimale, ndipo atakula ndiye ankayambitsa nyimbo pa maliro a mumpingo, ena n'kumavomera. Manja akewo ankaluka tsitsi la atsikana a mumsewu wonse. Sukulu yokha ndiyo sinamuyanje. Ine ndinapita kukaphunzira uphunzitsi, kenako ndinakwatiwa n'kusamukira ku Chelstone. Iye anatsala ndi amayi, pakuti abambo anali atatisiya.

Ntchito ya zikhadabo anaiphunzira kwa mayi wina wa saluni ku Northmead. Sanachedwe kuidziwa. Posakhalitsa anamuitana m'tauni, m'nyumba ina yaikulu kuseri kwa Cairo Road imene anaidula timashopu ting'onoting'ono ndi mapulanga. Kachipinda kawo kanali kumapeto kwa kanjira kamkati. Kanalibe zenera. Munali matebulo atatu, kalilole, ndi kafani kamene kankangozunguza mpweya womwewo.

Tsiku loyamba kukamuona, ndinangofika pakhomo maso n'kuyamba kuyabwa. Fungo lake linali lakuthwa, lolowa mpaka kukhosi, ngati la penti wosakaniza ndi petulo.

"Iwe, mumapuma bwanji muno?" ndinamufunsa.

Anaseka osadzutsa mutu. Anali atagwira dzanja la mayi wina, nkhope yake pafupi kwambiri ndi zala.

"Asisi, mphuno imazolowera. Ine sindimvanso kalikonse."

Mnzake wa tebulo lapakati, mtsikana wa ku Kopabeti, kumigodi kuja, wokonda nthabwala, anawonjezera kuti, "Ba ticha, nkhalani chabe pang'ono, muzayamba kuikonda."

Ndinakhala pampando n'kumaonerera. Ankayamba ndi kuchotsa polishi wakale ndi thonje lonyowetsa m'mankhwala. Kenako ankamata zikhadabo zoikirira ndi guluu, n'kuviika kaburashi m'madzi ena onunkha, n'kukagunditsa pa ufa woyera, ndipo kaphala kamene kankapangikako ankakayala pachikhadabo mpaka kaume gwa. Akamapala ndi kamakina, fumbi loyera linkamugwera pa nsidze ndi pamilomo. Mabotolo ambiri analibe malemba, chifukwa mwini saluni ankagula zigubu zazikulu n'kumathira m'timabotolo. Amene anali ndi malemba, chinenero chake palibe ankachidziwa. Nthawi ya nkhomaliro ankangokankhira mabotolo pambali n'kudyera patebulo lomwelo.

Koma ntchito ankaitha, ndipo ankaikonda. Pachikhadabo chimodzi ankajambulapo duwa lokhala ndi masamba ake onse. Amayi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands ankasiya masaluni okongola a kwawo, n'kubwera kudzadikira pabenchi m'kanjira kaja. Nyengo ya maukwati ankabwera kunyumba akusimba za akwatibwi, wina wolira, wina wokwiya ndi apongozi asanalowe n'komwe m'banja. Ndi ntchito imeneyo anakonzetsa denga la amayi limene linkadontha kuyambira tili ana.

Choyamba chinali mutu. Ankati ndi phokoso la m'tauni, n'kumangomeza mankhwala a mutu amene sankasowa m'chikwama chake. Kenako zala. Nsonga zake zinayamba kuyabwa, zinafiira, khungu n'kumasupuka. Zinang'ambika timing'alu totuluka magazi, moti akagwira mchere kapena tomato ankaluma mano. Zikhadabo zake zomwe zinayamba kutukuka. Iye amene ankakongoletsa manja a anthu anayamba kubisa ake m'matumba a juzi. Amayi ankamupaka mafuta n'kumamukulunga tinsalu ngati mwana wopsa ndi moto.

Chifuwa chinabwera mwakachetechete. Chinali chouma, ndipo akapuma m'chifuwamo munkalira ngati kamwana ka mphaka. Kukiliniki anamuyeza chifuwa chachikulu, sanachipeze. Anamupatsa mapiritsi, anamwa, chifuwa osatha. Poti anali ataonda, anthu anayamba kunong'ona za matenda ena aja. Mayi wina wa m'chigwirizano anabwera kunyumba ati kudzapemphera, koma maso ake ankangoyendayenda pakhosi ndi pamapewa pa mng'ono wanga. Atachoka, mng'ono wanga anadzitsekera kuchipinda. Tsiku lotsatira anapita yekha kukayezetsa magazi, ndipo anabwera n'kuuza amayi kuti alibe. Sanasangalale. Anangoti, "Ndiye n'chiyani tsono?"

Amayi anali ndi yankho lawo. Ankati ndi nsanje ya anzake a kuntchito, poti makasitomala onse ankafuna iye.

Chaka china amalume anamwalira kumudzi ku Katete, ndipo tinakhalitsako. Kumeneko chifuwa chinaleka. Zala zinayamba kupola. Ankatunga madzi, kuseka, kuimba ndi amayi a kumudzi mpaka mawu kusasa. Tinati ndi mphepo yabwino ya kwathu, tinathokoza Mulungu. Titabwerera ku Lusaka, sabata isanathe chifuwa chinayambiranso. Tonse tinaona, koma palibe anaganiza zolumikiza ziwirizi.

Tsiku limene ndinachita mantha koyamba linali la maliro a mkulu wina wa mpingo. Kumanda, bokosi likutsika, anthu onse anayang'ana mng'ono wanga monga mwa nthawi zonse. Anayamba bwino, mawu ake omwe aja okwera mosavutikira. Atafika pakati pa mzere, mawu anaduka. Anatsegula pakamwa, mapewa akukwera ndi kutsika, koma panalibe chotuluka. Panakhala kachete kochititsa manyazi, mpaka mayi wina kumbuyo anaitola nyimboyo. Mng'ono wanga anachoka pagulu n'kukatsamira mtengo. Nditamupeza anali akulira mopanda mawu.

"Asisi, mpweya ukundithera panjira," anatero.

Lolemba lake anapitabe kuntchito.

Zinafika poipa m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali m'kalasi masana pamene foni inalira. Anali mtsikana wa ku Kopabeti uja, nthabwala zonse zitamuthera.

"Ba ticha, bwelani msanga. Malaiti yanayenda, fani yaima, manje ba sisi banu bakangiwa kupema."

Magetsi anali atathima, mng'ono wanga n'kulephera kupuma. Ndinawapeza kuchipatala. Anali atamuveka chopumira kumaso, milomo itachita bii. Maso ake ankanditsatira, koma kulankhula sankatha. Ndinakhala pambali pake ndikumusisita mwendo, chifukwa manja ake anali ndi zilonda zosagwirika.

Atapezako bwino, kunabwera adokotala achizimayi, achitsikana ndithu. Anamvetsera m'chifuwa, kenako anatenga dzanja lake n'kulitembenuza, kuyang'ana nsonga za zala imodziimodzi.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

Pa maulendo onse a kukiliniki, palibe anali atamufunsapo funso limeneli. Anafotokoza. Adokotala anafunsa ngati m'chipindamo muli zenera, ndiponso ngati chifuwa chimachepa akakhala kutali ndi ntchito. Ine ndi mng'ono wanga tinayang'anizana. Tonse tinakumbukira ku Katete.

Adokotala anakoka mpando n'kukhala. Anati ndi mphumu, koma osati yobadwa nayo. Anati polishi, guluu, madzi ochotsera polishi ndi aja osakaniza ndi ufa, zonse zimatulutsa mpweya wa mankhwala umene umapweteka maso, mutu, khungu ndi njira za mpweya. Munthu wopakitsa mwa apo ndi apo amapuma pang'ono n'kutuluka. Wopakayo amapuma tsiku lonse, chaka ndi chaka. Anati thupi la anthu ena limafika podana nawo mankhwalawo kotheratu, ndipo zikatero ngakhale kafungo kochepa kamatseka chifuwa.

"Nanga ndikamavala masiki?" anafunsa mng'ono wanga.

"Masiki wansalu amatchinga fumbi pang'ono. Mpweya wa mankhwala umadutsa."

"Magolovesi?"

"Akanathandiza poyamba, pamodzi ndi mawindo otsegula. Pamene mwafikapa, mayi, ndikunamizani ndikati pali njira ina. Ntchitoyi muisiye."

"Ndikasiya ndichira?"

Adokotala anati zala zipola, ndipo chifuwa chichepa. Koma poti zinatenga nthawi yaitali, sangalonjeze kuti mapapo abwerera mwakale.

M'minibasi pobwerera, titadutsa msika wa Kabwata, mng'ono wanga anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Asisi, inu muli ndi mapepala a sukulu. Ine ndili ndi chiyani?"



Ntchitoyo sanaisiye nthawi yomweyo. Anatenga bokosi lake la zipangizo n'kuika tebulo pakhonde la amayi, ati panja pali mphepo. Makasitomala ena anamutsatira. Ankagwira ntchito atavala magolovesi, kampope ka mankhwala opumira kali pambali. Amatha dzanja limodzi, n'kupepesa, n'kupita kuseri kukapopera m'kamwa. Tsiku lina anagwa pakhondepo kasitomala ali pampando, amayi n'kumakuwa mumsewu kufuna galimoto. Atatuluka m'chipatala ulendo umenewo, anatseka bokosi lija yekha, n'kundipempha kuti ndimuperekeze m'tauni akalipereke kwa anzake.

Iye sanalowe. Anaima panja pamsewu, ine n'kukawaitana. Pampando wake panali kale mtsikana wina watsopano. Wa ku Kopabeti uja anatuluka, ndipo tinaona kuti ndi woyembekezera. Mng'ono wanga anamugwira mkono n'kumufotokozera zonse zimene adokotala ananena. Anamuonetsa zala. Anamupempha kuti auze mwini saluni aboole khoma kapena awapezere malo ena, azitseka mabotolo, asamadyere patebulo, ndiponso kuti iyeyo apume kaye mpaka mwana abadwe.

Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ili m'maso.

"Namvela, ba sisi. Koma nikankhala pa nyumba, mwana azadya chani?"

Analandira bokosi, anatikumbatira, n'kubwerera mkati chifukwa kasitomala ankadikira. Ndinamva pambuyo pake kuti anasunthira tebulo lake kufupi ndi chitseko. Khoma silinabooledwe.

Zala za mng'ono wanga zinapola monga ananenera adokotala, ngakhale zikhadabo zinamera zokhotakhota. Chifuwa sichinachoke. Anayesa kubwerera kukwaya, koma ankangotha mizere iwiri n'kukhala pansi, mpaka anabweza yunifolomu. Amayi atamwalira, azimayi a mumpingo anadzaza nyumba ya ku Kabwata. Itakwana nthawi yonyamula thupi, ena achikulire anatembenukira kwa iye mwachizolowezi, kenako anakumbukira n'kuyang'ana pansi. Nyimbo anayambitsa wina. Iye anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, dzanja lili pachifuwa.

Panopa amakhala ndi ine ku Chelstone. Amagulitsa zovala za salaula, zija zovalidwapo kale, pageti. Miyezi yozizira imamuvuta, utsi wa zinyalala umamuvuta, ngakhale mafuta onunkhira a munthu wokhala naye pafupi m'basi. M'nyumba mwathu simulowa polishi, ngakhale wapansi.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anakwatiwa. Iye sankafuna n'komwe kukonzetsa zikhadabo, poopa kuwawitsa mtima amayi ake aang'ono. Koma mng'ono wanga anakana.

"Mwana wa m'nyumba ino akalowe m'tchalitchi ndi manja ngati wochokera kumunda? Itanani munthu."

Tinaitana mtsikana wa pasaluni ya pafupi, n'kumuikira tebulo pansi pa mtengo wa mapeyala, kumapeto kwa bwalo. Mng'ono wanga anakhala pakhonde, patali, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake. Sanathe kukhala chete.

"Usathire wambiri! Yamba pakati, kenako m'mbali. Tseka botolo ukamaliza, mwanawe, usalisiye pansi pa mphuno."

Mtsikanayo ankangoti, "Inde amayi," akumwetulira. Kenako mphepo inatembenuka. Ndinaona mng'ono wanga akugwira pakhosi, akuimirira pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba.

Zikhadabo zitauma, mwana wanga anasamba m'manja ndi sopo n'kupita kuchipinda kukamuonetsa. Ndinamutsatira. Mng'ono wanga anali atakhala pabedi, kampope kali pamiyendo. Anatenga manja a mkwatibwi, nawayandikitsa kumaso pang'ono, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Kachala kakang'onoka wakakhotetsa," anatero. "Koma pita, palibe adzaone. Wakongola, mwana wanga."

Kutchalitchi anapita, anakhala pafupi ndi khomo. Kuholo ya madyerero sanapite, chifukwa cha mafuta onunkhira a alendo. Tinamusungira keke m'kambale, ndipo anadya m'mawa mwake ndi tiyi, akundifunsa amene anavina bwino ndi amene anavala zosayenera.