Pikapu ya a Muhiwa Ikulira Mwachilendo

Ku Likhubula, munthu akafuna kugula galimoto yakale amayamba wapita kwa a Kingstone Muhiwa. Sikuti ndi makaniko ayi. Chinawatchukitsa ndi pikapu yawo yoyera ya dizilo, imene inalowa m'dziko muno madalaivala ambiri a minibasi a masiku ano asanabadwe, koma mpaka lero imanyamula zinanazi, nthochi ndi mapeyala kupita nazo ku msika wa Nkando. Kuyera kwakeko n'kongokumbukira chabe. Dzina la kampani imene inaipanga linafufutika kalekale pachitseko chakumbuyo, ndipo eni ake sanadzivute n'kulilembetsanso.

Anthu akawafunsa kuti galimoto yolimba kwambiri ndi iti, kaya Toyota, kaya Isuzu, kaya Nissan, iwo satchula dzina.

"Pezani ya dizilo, ya giya ya pamanja, yopanda makompyuta, yoti masipeya ake mukawapeza ku Limbe tsiku lomwelo," amatero. "Oyilo ndi fyuluta pa nthawi yake, madzi m'mawa uliwonse, girizi mvula ikatha. Mukatero muziimvera kulira kwake. Galimoto imayamba yadandaula isanafe, koma inu mukangokwera n'kutsegula wailesi."

Ofunsawo amachoka nkhope zili zakugwa, poti iwo amafuna dzina la galimoto, osati ntchito ya m'mawa uliwonse. Ambiri amakagulabe imene anali ataisirira kale, yonyezimira, ndipo pakatha zaka zitatu umaipeza itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo.

A Kingstone anabadwa mu 1956 m'nyumba za kampani pa esiteti ina ya tiyi. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi kudzathyola tiyi, ndipo nawonso atakula anaberekera dengu kumsana zaka zinayi. Sanali wothyola waluso. Maso awo ankangokhala pa thirakitala imene inkabwera kudzatenga masamba, mpaka kapitawo anatopa nawo n'kuwatumiza komweko. Thirakitalayo anaiyendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, yopanda denga, yaphokoso loti mnzako akafuna kukuuza kanthu ankachita kukugenda ndi chibuluma. Kenako anawapatsa lole yopita ku fakitale. Pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale mbuzi.

Atapuma ntchito mu 2004, kampani inagulitsa magalimoto ake akale. Anzawo ankathamangira amene ankaoneka atsopanoko. Iwo anasankha pikapu yokandikakandika imene inali kumapeto kwa mzere, chifukwa ankadziwa munthu amene ankaiyendetsa, mkulu wina wosapupuluma amene sankalola wina aliyense kugwira chiwongolero chake. Anaitenga n'kukakhala nayo ku Likhubula, kwawo kwa akazi awo, a Agnes.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unayenda mwa njira imodzi. M'mawa ankatsegula boneti, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kutikita oyiloyo pakati pa zala ziwiri. Ankayang'ana madzi. Kenako ankaliza injini n'kutenga kamtengo kawo ka bulugama, kotalika ngati mkono, kamene kanali katachita kuda ndi kugwiridwa. Mbali imodzi ankaigunditsa pa injini, ina pa khutu, n'kumasuntha malo ndi malo maso atatsinzina. Ndi kamtengo kameneko anagwira matenda ambiri asanakule. N'chifukwa chake kasingano kosonyeza kutentha kwa injini katafa, zaka zoposa khumi zapitazo, sanakakonzetse. A Abdul, makaniko wa pa Chitakale amene amawathandiza pa zazikulu, anawakumbutsapo kawiri. Iwo anangoti makutu ali nawo.

A Agnes ndiwo amayendetsa malonda. Amagula zipatso m'minda ya m'munsi mwa phiri, ndipo tsiku la msika amakhala kutsogolo, kumanzere kwa amuna awo, atamanga mpango kumutu. Kuyendetsa galimoto sadziwa. Ukawafunsa kuti radiyeta ndi iti akhoza kukulozera batire. Koma m'galimoto yopanda wailesi, ya mwamuna wosakonda kucheza ali pa chiwongolero, munthu amamva chinthu chimodzi chokha, kulira kwa injini, ndipo a Agnes anachimva zaka makumi awiri.

Makutu a a Kingstone anayamba kutha pang'onopang'ono, mwina chifukwa cha thirakitala ija, mwina ukalamba chabe. Eni ake sanadziwe. Anayamba kudandaula kuti alaliki a masiku ano amalankhulira m'kamwa, n'kusamukira pa benchi yakutsogolo. Foni inkalira m'thumba mwawo mpaka kuduka, iwo n'kumati netiweki ya ku Likhubula ndi yachabechabe. Mwana wawo Tamanda akabwera kuchokera ku Blantyre ankayang'ana amayi ake, amayi akewo n'kupukusa mutu kuti akhale chete. Panalibe amene anafuna kukhala woyamba kuuza munthu amene mbiri yake yonse inali makutu kuti makutuwo apita. A Agnes anangokweza mawu pang'ono, mwezi wotsatira pang'ononso, mpaka aneba anayamba kudziwa nkhani zonse za m'nyumba imeneyo.

Kunafika Disembala, nyengo ya zinanazi, pamene pikapu sipuma. Banja lonse limadalira galimoto imeneyo, ndipo onse awiri ankadziwa kuti injini yake ikadzafa sipadzakhalanso ina.

Tsiku lina m'mawa, katundu atapakira kale, a Kingstone ali ndi kamtengo kawo pa khutu, a Agnes anaima pafupi m'malo mokakwera.

"Bambo a Tamanda, galimotoyi ikulira mwachilendo."

"Mwati?"

"Ndati ikulira mwachilendo! Lero ndi tsiku lachitatu. Kutsogolo uku. Zikumveka ngati munthu akukwecha poto ndi mchenga."

A Kingstone anasunthira kamtengo kutsogolo, anatsinzina, anamvetsera. Anamva kunjenjemera kwa masiku onse kukubwera m'chibwano, koma china chilichonse ayi.

"Palibe kanthu apa."

"Chilipo."

"Make Tamanda, umakaniko mwauyamba liti? Ine galimotoyi ndaimvera zaka makumi awiri."

"Nanga ine ndinali kuti zaka zimenezo? Tidutsire kwa a Abdul akaione kaye."

"Msika utidikira? Kwerani tizipita."

"Iyayi. Ine sindikwera. Mukaiphere nokha, ndisaone nawo."

A Agnes anatenga kampando n'kukhala pansi pa mpeyala, manja atapinda. Chikwatiranireni anali asanachitepo zotere, ndipo anazichita pamaso pa a Millie, mayi wina wogulitsa nthochi amene anali atakhala kale kumbuyo pamwamba pa katundu. Chimene chinawapweteka kwambiri a Kingstone n'chimenecho. Anatseka boneti mwamphamvu kuposa mmene amalolera munthu wina kutsekera, n'kunyamuka mpando wakumanzere uli wopanda munthu.

Anayenda atakwiya, koma ngakhale atakwiya sathamanga. Msewu wopita ku Chitakale amaudziwa ngati khonde la nyumba yawo. Ankatchera khutu ku injini kuti atsimikize kuti akazi awo alakwitsa, ndipo injiniyo inkamveka yofatsa kwabasi, yofatsa kuposa kale. Anayamba kuganiza zoti akabwerera madzulo akawauze mawu awiri atatu.

Atatsala pang'ono kufika pa Chitakale, minibasi inatulukira kudzanja lawo lamanja ikuwapitirira. Sanadziwe kuti inali kumbuyo kwawo. Kondakitala anali atatulutsa thupi pawindo, akutambasula manja, pakamwa pali yasa. Chimene anaona bwino a Kingstone ndi dalaivala wake. Ankamenya pakati pa chiwongolero ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, katatu, akuwayang'ana mwaukali. Munthuyo ankaimba hutala, galimoto ziwiri zitayandikana moti ukanatha kupatsirana moni wa pamanja, koma kwa a Kingstone kunangofika kaphokoso kakang'ono kochokera kutali.

Minibasi itapita, anadina hutala yawo. Ankaidziwa bwino hutala imeneyo, yaukali, yoti agalu a ku Likhubula ankathawa nayo. Inamveka ngati yaphimbidwa ndi bulangeti.

Anapatukira kumbali kwa msewu n'kuzimitsa injini. Anakhala mmenemo manja ali pa chiwongolero, ndipo anachita mantha. Sanaope za makutu poyamba. Anaopa za masiku onse amene anaika kamtengo pa khutu n'kunena kuti zonse zili bwino, osadziwa kuti ndi angati mwa masikuwo amene sanamve kanthu.

A Millie anatsika n'kubwera pawindo. Anafunsa kanthu kena, kenaka anabwereza mokweza.

"Achimwene, kwagwanji? Mafuta atha?"

"Iyayi. Pepani, thamangirani apo pa galaja mukandiitanire a Abdul."

A Millie atapita, anatulutsa foni n'kuimbira akazi awo. Sanadikire kuti amve yankho. Anangoti, "Kwerani kabaza mubwere. Ndaima tisanafike pa Chitakale," n'kudula.

A Abdul ndiwo anayamba kufika, masipanala ali m'thumba la ovolosi. Anatsegula boneti n'kuwauza kuti alize injini.

"Dikirani kaye. Akubwera amayi."

"Amayi adzatani? Lizani ndimve, ndili ndi galimoto ziwiri pa galaja."

"Ndi amene anamva. Tiwadikire."

A Abdul anawayang'ana, anayang'ana kamtengo kamene kanali pampando, ndipo sanafunsenso. Anakhala pa mwala n'kuyamba kusenda chinanazi chimene sanapatsidwe.

A Agnes anafika pa njinga yamoto, atagwira mpango ndi dzanja limodzi. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale nkhope yawo inali itanena kale. A Kingstone analiza injini n'kuwapatsa kamtengo. Iwo anakakana. Anangowerama pang'ono, n'kuloza ndi chala kuseri kwa fani.

"Apa. Lero zakula kuposa dzulo."

A Abdul anakweza dzanja kuti injini izimitsidwe. Analowetsa mkono, anagwira pamene panalozedwapo n'kugwedeza, ndipo chitsulocho chinagwedera uku ndi uku. Atatulutsa dzanja, zala zinali zonyowa.

"Pampu ya madzi iyi, bering'i yake yatheratu," anafuula, poti nawonso anali atazolowera kuwafuulira. "Pa Nkando simukanafika. Madzi akanatha, injini ikanawira, ndipo kasingano kanu kaja sikakanakuuzani. Mayi, mwaipulumutsa galimotoyi."

Zotsala zinali zapafupi. A Millie anaimitsa lole ina yopita ku Nkando n'kusamutsiramo katundu, n'kulonjeza kuti zinanazi za a Agnes akazigulitsa pamodzi ndi nthochi zawo. A Abdul anabwerera ku galaja kukaimba mafoni ofunsa pampu. Awiriwo anatsala okha, atakhala pachitseko chakumbuyo cha pikapu yopanda katundu, miyendo ili lendelende, njinga za makala zikudutsa.

"Za makutu angawa munadziwa liti?" anafunsa a Kingstone, akuyang'ana kumsewu.

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Tamanda akudziwa?"

"Aliyense akudziwa."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndimaopa kuti musiya galimoto n'kumangokhala pakhonde. Ndinaona mmene anathera anzanu a ku esiteti aja atapuma ntchito."

A Kingstone anagwedeza mutu. Manyazi anali nawo, koma anali atayamba kale kuganiza za mawa: kasingano kakonzedwe, magalasi a m'mbali aziwayang'ana pafupipafupi, ndipo ku chipatala cha Mission apite akapimitse. Kenako anaganiza chinthu china chimene sichinkakhudza galimoto. Anakumbukira kuti a Agnes anali mkazi wa mawu apansi, woti kale akamalankhula pa gulu anthu ankachita kusendera kufupi.

"Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukukuwa?"

"Ndazolowera."

"Talankhulani mmene munkalankhulira kale. Ndimve."

A Agnes anawayang'ana kanthawi. Kenako anatembenukira kumsewu n'kulankhula. A Kingstone anaona milomo ikuyenda, anaona akuima pang'ono, n'kupitirizanso. Zinali zazitali ndithu. Sanamve ngakhale liwu limodzi.

"Mwati chiyani?"

A Agnes anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kusendera ku khutu lawo.

"Ndati pampuyo aike yatsopano, osati yochotsa ku galimoto ina!"

A Kingstone anavomera kuti aika yatsopano. Ankadziwa kuti zimene ananena poyamba zija sizinali zimenezo, koma sanafunsenso.