Chitsononkho M'mphuno ya Boyila

Ntchito ya maboyila ndinaipeza nditasenza mtolo wa nkhuni. Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi ana atatu ndi kamunda ka nandolo kumunsi kwa Michesi, ndiye ndinayamba kugulitsa nkhuni panyumba yogona alendo ya mpingo wina pa Phalombe. Tsiku lina ndinapeza pulambala wa pamalopo, bambo wachikulire dzina lake a Namakhwa, akulimbana okha ndi paipi kuseri kwa bafa.

"Amake Lusia, tulani nkhunizo mundigwirire apa," anatero.

Ndinagwira paipiyo ndi bobojani, sipanala yaikulu ya mano ija, iwo n'kumapotokola ndi inzake. Itamasuka anandiyang'ana manja n'kuseka. "Manja awa mukuwaonongera nkhuni. Mawa mubwerenso." Kunyumba ndinachita kuthamanga ngati mtsikana, nkhata n'kuiiwala komweko.

Boyila yathu si yamagetsi ayi. Ndi dilamu yachitsulo yogoneka pang'anjo ya njerwa, moto n'kumayaka pansi pake. Madzi ozizira amatsika kuchokera m'thanki n'kulowa chakumunsi kwa dilamu, otentha amatulukira pamwamba kupita kumabafa. Palinso paipi yachitatu, yoima chilili mpaka kupitirira thanki, yosatseka kumapeto. A Namakhwa ankaitcha mphuno, ati boyila imapumira mmenemo madzi akawira.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi zinkandilowa m'mutu msanga. Ndinaphunzira kuwola phulusa, kuchotsa mwaye m'chumuni ndi chiguduli chomanga kunsungwi, kumasula pulagi ya pansi kuti matope ndi dzimbiri zituluke, ndi kukulunga tepi yoyera kumapeto kwa paipi motsata kumene ikumangira. Tsiku limene ndinasintha ndekha washala, kalabala ka mkati mwa mpope, mpope n'kusiya kudontha, ndinaimba nthungululu m'bafa mpaka wophika anabwera kudzasuzumira.

Chinafika chilimwe, madzi n'kuchepa m'mipope. Amayi a mpingo anadzaza nyumba ija pamsonkhano wawo, ndipo a Namakhwa anaitanidwa kumaliro ku Chiringa. Pochoka anati, "Boyila ndakusiyirani. Ndikaipeza ili bwino, ndikauza akuluakulu akulembeni ntchito." Ine mpaka apo ndinali waganyu chabe.

M'mawa mwake ndisanafike n'komwe kuseri kwa bafa ndinamva dilamu ikulira gu! gu! gu! ngati muli munthu akumenya ndi nyundo. Moto unali waukulu zedi. Amayi anali atandanda pomwepo ndi ndowa zawo, ena ana kumbuyo, akucheza. Ndinayang'ana kumphuno, sikunkatuluka nthunzi ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana dilamu, kumapeto kwake kunali kutatupa ngati mimba.

Mlonda wathu, a Mpulula, anabwera akumwetulira. "Lero ndakuthandizani, mayi. Kapaipi kaja kamangolavula madzi, ndakatseka ndi chitsononkho. Vavu yotsitsira madzi a m'thanki kudilamu ndatsekanso, alendowa angatimalizire madzi. Ndawauza adikire atenthe kaye."

Kwathu kuno chilichonse chotaya timatseka ndi chitsononkho, kaya chigubu, kaya botolo la palafini. Koma apa dilamu inali yotsekeka uku ndi uku, madzi akuwira mkati, nthunzi yosowa potulukira.

"Thawani! Tengani ana, thawani!" ndinakuwa.

Mayi wina anakakamira ndowa yake. "Iii, ndisiye malo anga? Ine ndi woyamba pamzere pano!"

"Mukufuna akakusambitseni anamfedwa? Chokani!" Mawu amenewo anawamva, ndipo onse anabalalika, ndowa zili kwete kwete pansi.

A Mpulula anathamangira ndowa ya madzi ozizira kuti athire padilamu. Ndinawalanda, chifukwa chitsulo chotentha choncho chikalandira madzi ozizira chimang'ambika. Anatembenukira kumakwerero kuti akazule chitsononkho chija. Ndinawagwira malaya. "Abambo, chikutulukirani kumaso ndi nthunzi yomwe. Tengani khasu!"

Tinakokera zikuni zonse panja, iwo n'kumazikwirira ndi dothi. Nsidze zanga zinawauka pamenepo, koma ndinazindikira madzulo. Kenako ndinathamangira kubafa, n'kukulunga chitenje kumkono, n'kuima chambali, n'kutsegula mpope wa madzi otentha pang'onopang'ono. Nthunzi inatuluka ndi mkokomo, fwaaa, bafa lonse mbuu! Ndinatsegulanso wachiwiri, ndikungopapasa khoma. Makutu anali kudilamu. Gu! gu! uja anayamba kutalikirana, kenako zii. Panja amayi anayamba kuomba m'manja, wina n'kuyambitsa nyimbo.

Sindinathamangire kutsegula vavu. Ndinadikira mpaka dilamu itazizira yoti n'kuikapo chikhatho. Ndiye ndinakwera makwerero ndi waya wopinda kumapeto, n'kukola chitsononkho chija. Anali atachikhomera ndi mwala, chinatuluka zidutswazidutswa. Nditatsegula vavu, ndinapapasa molumikizira monse, ndipo panalibe podontha. Alendo tsiku limenelo anasamba masana.

A Mpulula anali atakhala panjerwa, chipewa chili m'manja. "Ndalakwa, mayi. Komatu madzi aja amatayikadi. Akazi anga amaima pamjigo mpaka dzuwa kuwatentha, ine kuno n'kumaonerera akuthira dothi?"

Ananena zoona, ndipo ndinaona kuti ndikangowakalipira, wina adzatsekanso tsiku lina. Ndinalowa m'chipinda cha zipangizo n'kupeza maelibo awiri, tizitsulo tokhota tolumikizira, ndi zidutswa za paipi. Ndinalumikiza pamwamba pa mphuno kuti ikhote n'kuloza pansi, kamwa yake ili yotsegula, n'kutcherapo theka la mgolo. Iwo ndiwo ankandigwirira makwerero. Tsopano boyila ikalavula, madzi amagwera mumgolomo, ndipo ophika amatsukira mbale.

A Namakhwa atabwera anazungulira boyila. Anasisita potupa paja, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mgolo. "Ichi wakuphunzitsani ndani?"

"A Mpulula," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Dilamu iyi tisintha, yatopa. Koma inu tiyeni ku ofesi, nsidze zimera muli pantchito."

Lero ndimakonza maboyila m'nyumba za aphunzitsi, m'malo ogona alendo, mpaka kumidzi ya m'mbali mwa Mulanje, bobojani ili pakaliyala ya njinga. Ndikafika pakhomo, maso amayamba kumphuno ndisanapereke moni. Ndikatero ndimafunafuna munthu amene amasonkha moto, kaya ndi mlonda kaya ndi wophika, n'kumufunsa chimene chimamuwawa mtima paboyilayo. Chimenecho ndimakonza choyamba, iye asanachikonze yekha.