Kabuluku ka Nkhono

Bambo anga ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi shopu yaikulu ya zovala, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Zovala za m'shopumo zimakhala ndi kachizindikiro ka nkhono pachifuwa kapena pathumba lakumbuyo, ndiye dzina lake lenileni palibe amalitchula. Aliyense amangoti za nkhono. Munthu akagula jinzi n'kupeza kuti yatalika miyendo, amangowoloka msewu n'kuisiya kwa bambo. Ntchito imene yandilera ine ndi imeneyi.

Sanayambe ndi kusoka. Ali mnyamata ankasenza katundu kudepoti ya mabasi, mpaka thumba lina linawapweteka msana. Makinawo anali a mayi anga, ndipo ndi mayi anawaphunzitsa kupalasa ndi phazi popanda kudula ulusi. Mayi atamwalira, ine ndili ku pulayimale, bambo anangokhala pampando wawo uja. Pa zonse zimene anaphunzira, iwo anawonjezerapo lamulo limodzi lawolawo: chovala cha mwana sadula. Cha munthu wamkulu amayeza, kulemba ndi choko, kudula. Cha mwana amapindira mkati n'kusoka ndi ulusi wosavuta kumasula. Mwana akakula, makolo amabweretsanso, bambo amamasula, kutsitsa, kusita, osalipiritsanso. N'chifukwa chake ana a mumsewu wathu bambo amadziwa kakulidwe kawo kuposa amayi awo. Amatha kuuza mayi kuti, "Uyu wathamanga chaka chino," asanatenge n'komwe tepi.

Mlandu wa zovala za nkhono umazengedwa pakhonde la bambo tsiku ndi tsiku. M'shopu muja anthu amayankhula monong'ona, kuopa ogulitsa ovala bwino aja. Akangowoloka msewu pakamwa pamamasuka. Osasowa pabenchi ndi awiri: Aphunzitsi, omwe anapuma ntchito koma amavalabe ngati belu lilira posachedwa, ndi mayi wa saluni yoyandikana nafe, amene tonse timangoti Asaluni.

"Izi zinali zovala kale," amatero Aphunzitsi, atagwira malaya awo. "Awa ndinagula mwana wanga woyamba akukwawa. Pano ali ndi ndevu. Chatopa ndi kolala yokha."

"Kolalayo yatopa ndi inu, Aphunzitsi," amayankha Asaluni. "Mumazikonda chifukwa sizisintha. Chaka chino mizeremizere, chaka chamawa mizeremizere. Munthu ukavala umakhala ngati ukukapepesa kwa apongozi."

"Nanga siketi mwavalayo ndi ya kuti?"

"Ya nkhono, koma inali pa selo. Selo sakana."

Ena amati mtengo ukukwera pomwe nsalu ikunka ipyapyala, moti ukaiyang'ana padzuwa umaona munthu ali mbali inayo. Ena amati ndalama zako umalipira nkhonoyo, nsalu amangokupatsa ya basela. Atsikana amazikonda chifukwa matumba ake ndi akuya, foni siigwa. Anyamata amati zipi zake sizikhulupirika. Koma onsewo, odandaula ndi oyamikira omwe, mwezi ukatha umawaona akutuluka m'shopumo ndi majumbo m'manja. Bambo samalowerera kwambiri. Amakhala ndi mapini pakamwa, ndipo akawafunsa maganizo awo amangoti, "Ine ndimangopinda."

Ine sukulu ndinalekera fomu 3, ndili ndi pakati. Bambo a mwanayo anapita kukafuna ntchito, kenako foni yawo inasiya kulowa. Tsiku limene ndinaulula, ndinkadikira kuthamangitsidwa. Koma bambo anga anangotsegula thumba la zidutswa za nsalu n'kuyamba kusankha zofewa. Mwana atabadwa anamutcha Bwana, akuti chifukwa akalira ntchito yonse imaima. Dzinali linakhazikika. Atayamba kuyankhula, ankakhala patebulo la agogo ake n'kumalamula makasitomala kuti akhale pansi.

Koma Bwana sankakula. Anzake obadwa nyengo imodzi ankamusiya kutali. Akathamanga pang'ono ankanjuta n'kumapumira m'mwamba. Akamadya ankatuluka thukuta pamphumi, akalira milomo inkada. Ine ndinkaona zonsezi, palibe chimene chinkandidutsa. Kusikelo anamwino anamuyeza, kumuyezanso, kumumvetsera pachifuwa, kenako anandiyang'ana.

"Amayi, mwanayu sakukula, ndipo mtima wake ukumveka mwachilendo. Mupite naye kuchipatala chachikulu akamuone. Musachedwe."

Chipatala chachikulu n'kumene mayi anga anapita akuyenda okha, osabwerako. Ndinadziuza kuti ndiyambe ndamudyetsa bwino. Akayamba kukula ndiye kuti mtima ulibe vuto, anamwino analakwitsa. Akapanda kukula ndipita. Ndinawauza bambo zimenezi, iwo sanavomere, sanakane.

M'masiku omwewo Bwana anakwanitsa zaka zitatu. Bambo anachita chimene sanachitepo moyo wawo wonse: anawoloka msewu n'kulowa m'shopu muja ngati wogula. Anabwera ndi kabuluku kabuluu ndi katisheti koyera, zonse za nkhono.

"Ana a anthu ndawapindira mpaka maso afooka," anatero. "Bwana nayenso avale."

Anagula zokulirapo, monga amalangizira aliyense. Kabulukuko anakapinda, kakufika ndendende pamwamba pa nsapato. Bwana sankafuna kuvula. Asaluni anamuwombera m'manja n'kunena kuti mwamuna wawo weniweni wapezeka, wakunyumba uja achoke.

Ine, chifukwa cha mantha, zovala za Bwana ndinkachapa ndi madzi owira. Ndinkaopa tizilombo, chifuwa, chilichonse. Ndinkazinyika m'beseni madzi akutuluka nthunzi, kenako kuziyanika padzuwa mpaka ziume gwa. Kabuluku ka nkhono ndinkakachapa pafupipafupi, poti ndi kamene ankakafuna tsiku lililonse.

M'mawa wina ndikumuveka, ndinaona akakolo ake ali pamtunda. Ndinakoka mwendo wa kabulukuko, sunatsike. Katisheti nako kanali kakusiya kamimba panja. Ndinamuimika, kumutembenuza, kumuyang'ananso. Ndinamubereka osatseka n'komwe chitseko, n'kuthamangira kukhonde.

"Ababa, taonani akakolowa."

Bambo anachotsa phazi pamakina. Anayang'ana kabulukuko nthawi yaitali. Anagwira nsalu yake ndi zala ziwiri n'kuitikita. Tepi inali m'khosi mwawo, anaigwira, koma sanaichotse.

"Wakula eti, Ababa? Si wakula?"

Anandiyang'ana kumaso.

"Wakula," anatero. "Bwana akukula. Muvule nditsitse."

Ndinaseka mpaka misozi kutuluka, pamaso pa makasitomala. Bambo ndi amene amadziwa kakulidwe ka mwana aliyense mumsewu wathu. Akanena iwo kuti wakula, ndani angatsutse? Anamasula msoko, kutsitsa, kusita. Patapita nthawi kabulukuko kanakweranso pang'ono, anatsitsanso. Kusikelo ndinasiya kupita. Ndinkati ndikatani, akandiuzenso za chipatala chija pomwe mwana akukula ndikuona ndi maso anga. Kupumira m'mwamba kuja sikunathe, koma ndinkati thupi likakula mphamvu zibwera zokha. Mvula inabwera, inatha, kunayamba kuzizira.

Tsiku lina masana ndinali nditakhala kuseri kwa chipilala cha khondelo, ndikumudyetsa Bwana. Bambo anali atandipatsa msana. Asaluni anatulukira akukupiza tisheti yachimuna m'manja.

"Atelala, tandiweruzeni. Iyi ndi ya bambo akunyumba. Kuchapa kawiri kokha, dzulo avala, mchombo pamtunda. Munthu wa ana anayi."

"Mwina yakula ndi mimba," anatero Aphunzitsi. "Mumawadyetsa kwambiri."

"Mimba ndi yomwe ija, ndimaidziwa ine kuposa inu."

Anthu anaseka. Bambo nawonso anaseka, makina akulira, maso ali pasingano.

"Musawanamizire amuna a eni, Aphunzitsi," anatero bambo. "Zatsopano zonsezi zimafupika. Ndimaziona tsiku lililonse. Mukachapa ndi madzi otentha ndiye basi, mwazitha. Za ana ndiye zimanyanya."

Makina anayenda pang'ono, kenako anaima. Bambo sanatembenuke msanga. Ndinaona khosi lawo litauma, dzanja lili pagudumu la makina. Atatembenuka, nkhope yawo inandiuza zonse ndisanafunse. Asaluni anatiyang'ana tonse awiri, anayang'ana kabuluku ka Bwana, n'kupinda tisheti yawo mwakachetechete. Aphunzitsi anati akumbuka kuti ali ndi ulendo. Pakhonde tinatsala atatu.

Ndinachotsa tepi m'khosi mwa bambo ndi manja anga, chimene sindinachitepo. Ndinamuimika Bwana kukhoma n'kumuyeza. Msinkhu umene anamwino anatchula tsiku lija ndinali ndikuukumbuka. Unali womwewo.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lomwe lija. Nditangogwira nsalu."

"Ndiye munkatsitsa chiyani, Ababa? Munkamasula, kusita, kundipatsa m'manja. Munkatsitsa chiyani?"

Anayang'ana pansi, pazidutswa za ulusi.

"Unaseka, mwanawe. Chibwerere kusikelo kuja unali usanasekepo. Ndinati ndikuuza mawa. Mawa lake unabwera ukuimba." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Komanso chipatala chija nanenso ndimachiopa. Ndinaperekeza amayi ako, ndinabwerako ndi jumbo ya zovala. Ndinkati mwina mwanayu ndi wochedwa chabe. Alipo ana ochedwa."

"Inu mwawaonapo ochedwa chonchi?"

Bwana anali akukoka malaya awo, akufuna kukwera patebulo. Ndinamunyamula n'kuchoka.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala chachikulu ndekha ndi mwana kumsana. Bambo anati andiperekeze, ndinati ayi. Adokotala anali mayi wamng'ono thupi, woyankhula mofatsa. Anamugoneka Bwana, kumupaka mankhwala ozizira pachifuwa, n'kumayendetsa kachipangizo koonera mkati. Anandifunsa kuti kusikelo anandiuza liti kuti ndibwere. Nditatchula mwezi wake, sanandikalipire. Anangoyang'ana mwana n'kupuma mozama. Bola akanandikalipira.

Anandifotokozera kuti mtima wa Bwana unabadwa ndi kabowo, ndipo pogwira ntchito yopitirira mphamvu zake watupa. Opaleshoni ilipo, koma mmene alili pano thupi lake silingapirire. Ayambe wagonekedwa, alandire mankhwala, anenepeko, kenako aonenso. Ndinafunsa ngati akanakhala bwino ndikanabwera msanga. Anati, "Tiyeni tione za lero, amayi." Ndinafunsa ngati achira. Anati ayesetsa.

Ndikulemba izi tili m'wodi ya ana, pabedi la pafupi ndi zenera. Bwana wavala kamkanjo ka chipatala komanga ndi zingwe kumbuyo. Amadya pang'onopang'ono, supuni ziwiri n'kupuma. M'mawa uliwonse amamukweza pasikelo, ine ndimayang'ana nkhope ya anamwino osati manambala.

Bambo anatseka makina. Asaluni, atabwera kudzationa, anandiuza kuti anthu amafika ndi majinzi awo n'kupeza nsalu itavundikira tebulo. Chimwalirire mayi, bambo anali asanajombepo kuntchito, ngakhale atadwala malungo. Tsopano amabwera kuno kukangocha n'kukhala pabenchi ya panja pa wodi, chipewa chili pamaondo. Salowa, chifukwa sindinawauze kuti alowe. Amapatsa anamwino zipatso ndi mkaka kuti andipatsire. Ndikamapita kukatunga madzi ndimawadutsa, iwo amaweramitsa mutu, ine ndimayang'ana kutsogolo. Ndi munthu amene anandilera yekha, amene sanandinenepo mawu oipa ndili ndi mimba ya pasukulu. Bodza limodzi lokha ndi limene anandinamiza moyo wanga wonse, ndipo anandinamiza chifukwa sankafuna kundiona ndikulira. Zonsezi ndimazidziwa. Koma ndikayang'ana kachifuwa ka mwana wanga kakukwera ndi kutsika mothamanga, mtima wanga umakana kuwakhululukira.

Lero m'mawa sikelo yatsika pang'ono. Anamwino anati zimachitika, ndisade nkhawa, koma anapita kukaitana adokotala. Atachoka, Bwana anakana kudya. Anakankha supuni n'kutembenukira kukhoma.

"Ndikufuna agogo."

"Agogo ali kuntchito."

"Bodza. Ndawamva akutsokomola."

Ndinakhala ndi mbale m'manja mpaka chakudya chinazizira. Kenako ndinatuluka. Bambo atandiona ndaima patsogolo pawo anafuna kudzuka, msana unawakaniza, anagwira khoma. Aonda. Ndevu zawo sanamete.

"Akukufunani," ndinatero.

"Akundifuna ndi Bwana, kapena iwe?"

"Bwana."

Anagwedeza mutu, ngati yankholo ndi limene ankayembekezera. Ndinawapatsa mbale ndi supuni.

"Wakana kudya. Mwina kwa inu adya. Koma akakufunsani chilichonse, Ababa, kapena ndikakufunsani ine, muzinena mmene zilili."

"Ndamva, mwanawe."

Analowa. Ine ndinakhala pabenchi paja, pamalo pomwe anali atakhala, pakadali potentha. Kudzera pachitseko ndinamva Bwana akuwalamula kuti akhale pansi, kenako supuni ikugunda mbale. Ndinadikira kuti ndimve ikugundanso.