Mkono wa Dinah

A Cedric Namakhwa anafika ku Nkhata Bay kuchokera ku Phalombe ndi sutikesi imodzi, mkazi wodwala pakati, ndi lamba wachikopa. Zaka zonsezi akhala mesenjala pa ofesi ina ya paboma, kukankha njinga m'zitunda, makalata ali m'chikwama. Ankaona ana adzanadzana akukhala pamipando chifukwa cha sukulu, iwo ali chiimire pakhomo. N'chifukwa chake kwa Dinah, mwana wawo yekhayo, nyimbo inali imodzi: mapointi.

Ali folomu 3, Dinah analowa kalabu ya chithandizo choyamba. Aphunzitsi a Masuzgo Longwe ankawaphunzitsa kumanga mabala, ndipo Loweruka lina ankapita nawo ku Chikale kukaonetsa asodzi katsitsimutsidwe ka munthu womira. Dinah analandira masatifiketi atatu, nkuwabisa kunsi kwa matiresi.

Nkhaniyi bambo ake anaimva kumsika.

"Ada, muli ndi dokotala m'nyumba," anatero mayi wogulitsa usipa. "Dzulo amapumira m'kamwa mwa chidole, asodzi ali m'manja phaphapha!"

A Namakhwa anasiya usipa pomwepo. Kunyumba anagudubuza matiresi, mapepala aja nkuwaponya pambaula. Dinah atadumpha kuti awalanditse, lamba anamulandira kumsana, mbali ya chitsulo. Kachiwiri, kachitatu, mpaka bulauzi inamatirira ndi magazi.

"Bambo a Dinah, mupha mwana!" anakuwa mayi ake. Bamboyo anawakankhira pachitseko, mlomo nkung'ambika.

Lamba ataduka, anatola pampu ya njinga. Dinah anatchinga nkhope ndi mkono wamanzere, ndipo fupa linamveka kuti thyo.

Kenako mwanayo, mano atalumana, anati, "Amayi, ndipatseni katoni ija ndi chitenje." Anadzimanga yekha, mfundo akukoka ndi mano, bambo ake akuyang'ana.

M'mawa mwake a Namakhwa anakadikira a Longwe pageti la sukulu, nkuwagwira pakhosi. "Ndinatuma mwana kudzaphunzira, osati kudzapsompsona zidole!" Chibakera chinaswa magalasi a aphunzitsiwo. Teremu isanathe a Longwe anapempha kusamuka, kalabu nkufera pomwepo. Buku la kuchipatala la Dinah a Namakhwa analitsekera m'sutikesi, pakuti ankadziwa zimene namwino analembamo.

Mayeso a folomu 4 atatuluka, Dinah anali ndi mapointi 16. Anamuitana kukoleji ya unamwino, koma fizi yake sinali ya mesenjala. Chiyembekezo chinatsala kukomiti ya kumpingo kwawo, yomwe inkalipirira atsikana awiri pachaka. Ofunsira analipo khumi ndi mmodzi, mapointi awo ongosiyana pang'ono. Tsono fomu inali ndi funso lomaliza: kupatula za m'kalasi, munkachitanso chiyani? Perekani umboni.

Dinah anaika fomuyo patebulo.

"Ababa, anzanga apereka za kwaya, ena za mpira. Ine ndipereke phulusa?"

"Mapointi ako sakukwana?"

"Tonse tili nawo. Umboni umene watsala uli m'sutikesi mwanu."

A Namakhwa anali mkulu wa mpingo, ndipo a m'komitiyo ankakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Anthu anauzidwa kuti Dinah anathyoka mkono atagwa pachitunda. Masiku awiri bamboyo sanadye. Tsiku lachitatu, lotsekera mafomu, anatsegula sutikesi, nkuika bukulo mu envulopu pamodzi ndi fomu, nkukapereka okha monga amaperekera makalata a eni ake. A m'komiti anawapatsa mpando, koma iwo anaima pakhomo.

Mlembi wa komiti anawerenga mokweza zimene namwino analemba: "Wathyoledwa mkono ndi bambo ake. Wafika atadzimanga yekha mwaluso. Akuti anaphunzira kukalabu ya kusukulu."

"A Namakhwa, n'zoona izi?"

"N'zoona. Panalinso masatifiketi atatu. Ndinawotcha ndine."

Mpingo unawatsitsa pa ukulu, nkuwaimitsa pamgonero chaka chathunthu. Komiti inamusankha Dinah, ndipo pano ali chaka chachiwiri kukoleji. Mkono wake suwongoka bwinobwino, ndiye dripi amakoleka ndi wamanja. Akabwera kutchuthi amawapatsa moni bambo ake atagwada, koma amagwada patali.

A Namakhwa akadakankhabe njinga m'zitunda zija. Buluku amamanga ndi chingwe.