Kuwala Kunafika Mpaka M'chiuno

Sukulu ya zojambula m'thupi ndinaisiya chaka chachiwiri, kapena tinene kuti inandisiya ndi iyo. Ndinatulukako ndi lamulo limodzi. Makina asanajambule amayatsa kaye nyali pathupi pa wodwala, ndipo paliponse pagwa kuwalako ndi pamene ekisileyi ipyoze. Umapotoza timabatani tiwiri, kuwala n'kuchepa, kutsala pokhapo ukufuna kuona. Pena ponse si pako.

Ndi nzeru zonsezo ndinakakhala telala ku Umbilo, m'dziko la eni.

Mu 2015 alamu anga, akazi a achimwene, anatsokomola masabata atatu, ine n'kuwaperekeza kukiliniki ina monga womasulira. Masiku amenewo alendo tinkasakidwa. Chichewa tinkachitsekera m'nyumba, panja panali "yebo" ndi "sharp" basi.

Mayi wojambula anati ndiwafunse ngati ali ndi pakati. Ndinafunsa maso ali kudenga.

"Auzeni ayi," alamu anatero.

Kwathu mimba yaing'ono siinenedwa, makamaka kwa mlamu wamwamuna. Koma madiresi awo ndinali nditawakuza m'chiuno kawiri mwezi womwewo. Tepi ya telala siinama.

Wojambula uja anawaimika chifuwa chitagunda bolodi, nyali n'kuyaka kumsana. Kuwala kunayambira m'khosi, kudutsa nthiti zonse, mpaka m'chiuno. Panja panali mzere wautali, ndipo mayiyo timabatani sanatikhudze. Anandikokera kuseri kwa galasi. Ine katswiri wa zaka ziwiri ndinayamba kusanja Chingerezi chaulemu, chosanunkha Chimalawi, chosachititsa alamu manyazi. Ndikanali kusanja, makina analira.

Atawatembenuza cham'mbali kuti ajambule chachiwiri, Chingerezi chinatuluka chokha, cha kumudzi chenicheni.

"Sista, chepetsani kuwala, kulekeze m'nthiti. Ali ndi pakati."

"Eish! Bwanji osanena?"

Anapotoza timabatani, n'kuwamanga chinsalu cholemera chotchinga m'chiuno. Kenako anandiyang'ana.

"Ndiwe wa kuti iwe, wodziwa makina anga?"

"Wa ku Umbilo," ndinatero.

Tinakwera takisi. Ndinaganiza kuti alamu akwiyira pakamwa panga. Tili pakati pa njira anandiyandikira, n'kulankhula Chichewa anthu onse akumva.

"Alamu, choyamba chija. Chamufika mwana?"

Mabuku amati chithunzi chimodzi n'chochepa kwambiri moti sichingavulaze mwana, zimenezo ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso pamene kuwala kunalekeza, chifukwa ndinaima n'kumakuyang'ana.

"Sichinafike," ndinatero.

Anagwedeza mutu, koma manja sanawachotse pamimba mpaka tinatsika.