Zilembo Ziwiri Zomwe Zinkasowa pa Dzina la Luyando

Mu Okutobala wa 2019, bambo Hector, mwini sitolo ya makompyuta m'tauni ya Lusaka, anamuipitsira dzina mtsikana wina wa ku Chelstone wotchedwa Luyando. Anatenga chithunzi chake nkuchiika pa gulu la WhatsApp la eni masitolo a makompyuta, pansi pake nalemba kuti: "Uyu ni kawalala. Osamulemba nchito." Pagululo panali anthu oposa mazana awiri.

Inu amene mumafuna mawu olimbikitsa, yambirani pamenepa, chifukwa mtsikanayo anayambiranso pomwepa.

Luyando anali wamasiye. Anakulira m'manja mwa azakhali ake, ba Emmy, namwino wopuma pantchito. Mayeso a Giredi 12 analemba kawiri, ndipo masamu anamukana kawiri konse. Kwa Hector analowa ngati wosesa. Koma manja ake anali odekha, sankaswa kanthu, choncho patapita miyezi anapatsidwa ntchito yoyesa katundu ndi kukamusiya kwa ogula. Malipiro anakhalabe a wosesa. Mabwana ndi otero.

Chaka chimenecho Hector anagulitsa malaputopu makumi awiri kusukulu ina yophunzitsa kutaipa ku Kabwata. Poti ophunzira atsopano amamenya mabatani ngati akusinja chimanga, laputopu iliyonse inapita ndi kiyibodi yapadera yolumikiza ndi chingwe. Luyando ndiye anaziyesa, ndiyenso anazinyamula pabasi.

Sabata isanathe, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, mayi Kathleen, anaimba foni kudandaula. Anati makiyibodi akudya zilembo. Wophunzira akaima pang'ono kuti ayang'ane m'buku, poyambiranso kutaipa zilembo ziwiri zoyamba sizinkaoneka. Mayeso anali pafupi, ndipo ana ankalira.

Hector anatuma Luyando kukatenga makiyibodiwo. Bwanayo anawayesa yekha m'sitolo, pomwe jenereta inkabangula pakhonde tsiku lonse ndipo laputopu iliyonse inali pa chaja. Palibe chilembo chinasowa. Anawabweza ku Kabwata, komwe chaka chimenecho magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana nkumataipa ndi moto wa batire. Dandaulo linabweranso. Zinatero katatu.

Ulendo wachitatuwo mayi Kathleen anaopseza kuti abweza katundu yense. Apa Hector anafunika munthu womusenzetsa mlandu, ndipo sanavutike kumupeza. Anaitana Luyando pamaso pa antchito onse.

"Zikachoka pano zili bwino," anatero Hector. "Zikafika ku Kabwata zadwala. Zikabwela pano zapola. Manje pakati pa njila pali ndani?"

Anati mtsikanayo amasinthitsa makiyibodi abwino ndi achinyengo a kumsika popita, nkuwabwezeretsa pobwera. Antchito anzake anayang'ana pansi. Panalibe amene anafunsa kuti kodi sitolo ndi sukulu zimasiyana pati. Tsiku lomwelo chithunzi chija chinaikidwa pagulu.

Luyando anayenda sitolo ndi sitolo kufuna ntchito. Paliponse zinkachitika mofanana: mwini sitolo ankayang'ana nkhope yake, kenako foni, kenako nkhope yake, nkunena kuti malo kulibe. Kutchalitchi amayi ena ankasuntha zikwama zawo iye akakhala pafupi.

Ba Emmy anamufunsa kamodzi kokha, ali kukhitchini.

"Unatenga?"

"Sin'natenge, ba anti."

"Ndiye idya. Mawa uzauke na nzelu."

Anayamba kugulitsa machaja ndi zikuto za mafoni pa katebulo m'mbali mwa msewu m'tauni. Dzuwa linamuwotcha, mvula inamunyowetsa, ndipo ena amene ankamudziwa ankawoloka msewu kuti asamupatse moni.

Chakumayambiriro kwa 2021 mayi Kathleen anaima pa katebuloko kufuna chaja. Anamuzindikira. Kenako anamuuza kuti iye atachotsedwa ntchito, iwo anapita okha kusitolo kukatenga makiyibodi ena, nkuwanyamula m'galimoto yawo, koma nawonso ankadya zilembo. Atamuuza Hector, iye anayankha kuti ndiye kuti mtsikana uja anasintha katundu yense wa m'sitolo. Makiyibodi onse tsopano anali m'kabati, akudya fumbi.

Mawa lake mayiwo anabwera ndi thumba. Munali laputopu imodzi ya galasi long'aluka ndi kiyibodi imodzi mwa omwe aja.

"Sinikwanisa kukubwezela zina yako," anatero. "Koma tenga ivi, mwina uzaonamo chamene ise sitinaone."

Lamlungu lina masana Luyando anakhala pakhonde kulemba kalata yofunsira ntchito. Magetsi anazima ali pakati. Sanasamale, batire inalipo. Anamaliza kalata, naganiza pang'ono, kenako nataipa dzina lake pansi. Pagalasi panaoneka "yando".

Anafufuta. Anadikira. Anataipanso. "yando".

Anakhala akuyang'ana dzina lodukalo mpaka magetsi anabwera. Atataipa, dzina linatuluka lathunthu. Anasolola chaja kukhoma, nawerenga chamumtima, wani, thu, fili, nataipa: zilembo ziwiri zinasowa. Anabwezera chaja: dzina lonse. Anachita zimenezi mpaka tiyi amene ba Emmy anamuikira pambali anazizira.

Pakati pa njira panalibe munthu. Panali batire.

Lolemba m'mawa ananyamula laputopu ndi kiyibodi kupita kwa Hector. Anapempha mphindi ziwiri zokha kuti asolole chaja bwanayo aone ndi maso ake. Hector sanatembenuke nkomwe. Anati kawalala aliyense amakhala ndi nkhani yake, nauza mlonda kuti amutulutse.

Ambiri akanalekera pomwepo, ndipo sindikanawadzudzula. Koma Luyando anaona kuti kudziwa nthawi yomwe matenda amagwira sikokwanira. Anafuna kudziwa chomwe chimawayambitsa, kuti pasadzakhale munthu wonena kuti nzongopeka.

Kutchalitchi china ku Woodlands kunali intaneti yaulere masana a pakati pa sabata. Akatseka katebulo kake, ankakwera basi nkukakhala pa masitepe a tchalitchicho. Chingerezi cha m'mabuku a makompyuta chinali cholimba ngati fupa. Mawu aliwonse omuvuta ankawalemba m'kope la ana asukulu nkuwafufuza limodzilimodzi.

Pang'onopang'ono anamvetsa. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa malaputopu aja inali yaulere, yolembedwa ndi anthu a maiko ambiri mothandizana, ndipo aliyense anali ndi ufulu woiwerenga mkati. M'kati mwakemo muli tizidutswa totchedwa madalaiva. Dalaiva ndiye mkhalapakati wa kompyuta ndi chipangizo ngati kiyibodi kapena mausi: amamva zomwe chipangizo chanena nkukauza kompyuta. Ndiyenso amagawa moto. Laputopu ikakhala pa chaja, moto ndi wambiri, dalaiva sagoneka chilichonse. Ikakhala pa batire, dalaiva amasunga moto, ndipo kiyibodi ikakhala masekondi awiri osakhudzidwa, amaigoneka. Munthu akadina batani, imayenera kudzuka nkupereka chilembocho. Kiyibodi ya Hector inkadzuka, koma zilembo zoyamba zinkatayika panjira.

Kuti awerenge dalaiva ameneyu anayenera kuphunzira chinenero chomwe analembedwera. Mtsikana amene masamu anamukana kawiri anatha chaka chathunthu akuphunzira yekha, zala zili ndi fumbi la m'tauni.

Kenako analemba kukonza kwake koyamba: kuletsa dalaiva kuti asamagoneke kiyibodi ya mtundu umenewo. Anayesa, zilembo sizinasowe. Anatumiza kwa mkulu woyang'anira dalaivayo, munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanamuonepo. Yankho linabwera patapita milungu itatu, mizere iwiri yokha. Mkuluyo anati kiyibodi yosagona imamwa batire, ndipo amene adzavutike ndi anthu omwewo opanda magetsi.

Zinamuwawa chifukwa zinali zoona. Ku Kabwata batire imayenera kufika mpaka kalasi yamasana.

Ulendo wachiwiri anatalikitsa nthawi yoti kiyibodi idikire isanagone. Mkulu uja anakananso. Anati kumeneko nkubisa matenda, osati kuchiza, chifukwa wophunzira akaima nthawi yaitali zilembo zidzasowabe.

Luyando anatseka laputopu, ndipo kwa mwezi wathunthu sanaitsegule. Ba Emmy sanamunyengerere. Tsiku lina anangoitenga pamwamba pa kabati, nkuipukuta ndi nsalu, nkuiika patebulo pafupi ndi mbale yake. Anati m'chipatala wodwala akakana mankhwala awiri suthamangitsa wodwala, umabwerera kukamuyezanso.

Anabwerera kukayezanso. Anaphunzira kuona mauthenga onse odutsa m'chingwe pakati pa kiyibodi ndi laputopu, mzere ndi mzere. Pamenepo anachigwira. Kiyibodi ija inali yochedwa kudzuka, koma zilembo inkazisunga bwinobwino. Dalaiva ndiye analibe chipiriro. Akaona kuti sikuyankha msanga, ankaizimitsa nkuiyatsanso, ndipo zomwe inasunga zinkafufutika. Mankhwala ake anali mizere khumi ndi umodzi: kiyibodi ya mtundu umenewo izigona ndithu, koma ikamadzuka dalaiva aziidikira pang'ono, alandire kaye zomwe yasunga.

Ulendo uno sanafune kutumiza chinthu chosayesedwa mokwanira. Anaika ba Emmy pa soketi, iye ali pa kiyibodi ndi kope lake. Zima, dikira, taipa, chonga. Yatsa. Anachita maulendo mazana anayi masiku atatu.

"Zaka sate nili nasi," anadandaula ba Emmy, amene anagwira unamwino zaka makumi atatu, akusisita msana, "manje pa ukote nakhala wozimya malaiti."

Pa maulendo onsewo dzina linatuluka lathunthu, ndipo batire inakhalitsa ngati kale. Apa anatumiza kachitatu.

Mu Malichi wa 2023 yankho linabwera. Mkulu uja analemba kuti walandira, ndipo anathokoza. Mizere khumi ndi umodzi ija inalowa m'pulogalamu yaikulu, pansi pake pali dzina la Luyando, lopanda chilembo chosowa. Mayi Kathleen atalandira pulogalamu yatsopanoyo, anatulutsa makiyibodi m'kabati, nawapukuta. Onse anagwira ntchito, magetsi ali ozima.

Mayi omwewo ndiwo anamutengera kwa mkulu wa kampani ina ku Longacres yokonza makina olembetsera odwala m'zipatala za kumidzi, makina odalira batire ndi dzuwa. Mkuluyo anali pa gulu la WhatsApp lija, ndipo chithunzi anachiona. Anamufunsa za icho mosabisa. Luyando sanadziteteze ndi mawu ambiri. Anatsegula laputopu yake yong'aluka, nasolola chaja, namuonetsa matenda pa pulogalamu yakale ndi kuchira kwake pa yatsopano. Mkuluyo anamulemba ntchito sabata yomweyo. Mu 2024 magetsi atavutanso kwambiri, makina a kampaniyo ankatha tsiku lonse ndi batire imodzi, chifukwa Luyando ndiye ankayang'anira chomwe chigone ndi chomwe chidzuke.

Nanga Hector? Makompyuta a m'sitolo mwake nawonso analandira mizere ija, monga aliyense. Makiyibodi omwe anatsala m'nkhokwe anawagulitsa onse, akuuza ogula kuti vuto lija analikonza yekha.

Awiriwa anakumana chaka chatha pa ukwati ku Lilayi. Hector anabwera manja ali tambasu, akumwetulira pamaso pa anthu.

"Ba injiniya, shani! Uyu ni mwana wanga uyu, nine n'namuphunzisa nchito."

Luyando anamupatsa moni mwaulemu, kenako anamupempha kuti apatuke pang'ono. Sanakweze mawu. Anati sakufuna kanthu kena kalikonse, koma kuti bwanayo alembe mzere umodzi pa gulu lija, wonena kuti iye sanabe.

"Ah, ni vakale ivo," anatero Hector. "Nindani akumbuka?"

"Ine nikumbuka, ba Hector. Na ba anti banga bakumbuka."

Hector anaseka, namugwira paphewa, nati aona. Kenako anabwerera komwe kunali chakudya.

Tsono inu amene mwanamiziridwa, inu amene mayeso anakukanani, inu amene mwakhala pa katebulo m'mbali mwa msewu anthu akuwoloka kukuthawani, musamve zoti dziko lidzakupepesani. Amene amakuuzani zimenezo sanakhalepo pansi. Chomwe ndikuuzani ndi ichi: chinthu chimene chakugwetsani chiyang'anitsitseni, muchisolole, muchibwezere, muchiyese kambirimbiri mpaka chiulule chomwe chili. Akakukanani koyamba, mverani chifukwa chake. Akakukanani kachiwiri, pumani, koma kope musataye. Musadikire kuti amene anakuipitsani ndiye adzakuyeretseni. Osataya mtima, ndipo osaleka kugwira ntchito ndi manja anu.

Luyando lero amaphunzitsa atsikana anayi ntchito ya madalaiva ku Longacres. Gulu la eni masitolo lija likadalipo, ndipo anthu ake tsopano akwana mazana atatu. Chithunzi cha mu Okutobala wa 2019 chikadali pomwepo, ndi mawu ake pansi. Hector sanachichotse, ndipo mzere uja sanalembe.